Tinadya mokakamiza pamaso pa apongozi: kodi ndikanatani?

FUNSO

Okondedwa Alangizi,

Mwezi wathawu apongozi anga anabwera kuno ku Blantyre kuchokera ku Ntcheu kudzaonerera mwambo wolandira digiri wa mlamu wanga, ndipo ine ndi amuna anga tinagwirizana zowatengera ku lesitilanti ina ya m'tauni kuti tikasangalale limodzi. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Tinakhala pafupifupi theka la ola popanda wotilonjera, ndipo titaitanitsa chakudya tinadikiranso ola lathunthu. Apongozi aamuna anaitanitsa chambo, koma nsomba imene inabwera inali yaing'ono, yofewa ngati phala m'kati, komanso inkamveka kafungo kokayikitsa. Nsima inali ya mibulu, mpunga unali wozizira, ndipo madzi osamba m'manja tinachita kupempha kawiri. Nditamudandaulira mtsikana amene ankatiperekera chakudya, anangoti iye si wophika n'kuchokapo. Bilu itabwera, ndalama zake zinaposa mitengo yolembedwa pa menyu. Ndinafuna kuitana manijala, koma amuna anga ananditsina n'kundinong'oneza kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa makolo. Tinalipira zonse, ndipo m'mawa mwake apongozi aamuna anadzuka akutsegula m'mimba. Mpaka lero mtima ukundiwawa. Kodi ndikanakana kulipira? Nanga ndikatchula dzina la malowa pa Facebook kuti ena achenjere, ndilakwa?

Mayi wodandaula, Chilomoni

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri, chifukwa tsiku limene munakonzekera kuti mulemekeze apongozi anu linasanduka la manyazi, ndipo cholakwa sichinali chanu. Maganizo anu oitana manijala anali oyenera. Amuna anunso ndikuwamvetsa, pakuti tonsefe tinaleredwa m'mwambo woti mlendo sanyoza chakudya cha mwini khomo, ndipo ngakhale ndiwo zitachepa mchere amangoti zikomo ndakhuta. Mwambo umenewu ndi wabwino pakhomo pa munthu amene wakuphikirani mwa chikondi. Ku lesitilanti nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko mukugula, ndipo wogulitsa walonjeza kukupatsani chinthu chofanana ndi ndalama zanu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ngati inu amene mwaona vutolo simulankhula, ophikawo aziganiza kuti zonse zili bwino ndipo mawa nsomba yomweyo ayipereka kwa wina.

Nthawi yabwino yodandaula inali pamene mbale zinangofika patebulo, munthu asanadye kwenikweni. Panalinso njira yotetezera ulemu wa apongozi ndi wa amuna anu: mukanadzuka ngati mukupita kukasamba m'manja, n'kukapempha manijala pambali, kumufotokozera motsitsa mawu kuti nsomba ikununkha ndipo mukufuna ina kapena ndiwo zina m'malo mwake. Eni malo odyera ambiri amasintha mbale mosavuta akauzidwa chakudya chisanathe, koma amauma mtima akauzidwa mbale zili mbee, chifukwa pa nthawiyo palibenso umboni woti awone.

Mwa zolakwa zonse zimene mwatchula, chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nsombayo. Kudikira nthawi yaitali ndi nsima ya mibulu ndi zokhumudwitsa ndithu, koma sizingamugoneke munthu m'chipatala. Chambo chenicheni chasowa kwambiri masiku ano. Ku nyanja ya Malombe chinali chitachepa kwambiri pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe loona za kuteteza zachilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo ya m'nyanja ya Malawi m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu. N'chifukwa chake m'malo ena odyera amapereka makumba kapena nsomba zoweta m'maiwe n'kumazitchula kuti chambo. Nsomba zimenezi si zoipa, koma wogula ali ndi ufulu wouzidwa chimene akudya, makamaka ngati akulipira mtengo wa chambo. Kufewa ndi kafungo kamene mwafotokozako kakuloza vuto lina loposa pamenepa. Nsomba yochokera ku Mangochi imayenda ulendo wa maola angapo kuti ifike ku Blantyre, ndipo ngati sinaikidwe mu ayezi wokwanira imayamba kuwonongeka ili m'njira. Ikafika, magetsi akazima kwa maola ambiri pamalo opanda jenereta, za mufiriji zimasungunuka, kenako zimaumanso magetsi akayaka, ndipo zikachitika motere kangapo mnofu wa nsomba umalefuka n'kumangophwanyika. Kuikazinga m'mafuta otentha kumabisa maonekedwe kunja, koma sikubwezeretsa chimene chawonongeka m'kati.

Mpunga wozizira nawonso musaupeputse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2, ndipo chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira osafika madigiri 5. Mpunga wophikidwa m'mawa n'kusiyidwa mupoto mpaka madzulo umaswanitsa tizilombo totchedwa Bacillus cereus, ndipo poizoni amene tizilomboti timatulutsa satha ngakhale mpungawo utatenthetsedwanso.

Komabe ndikupempheni kuti musafulumire kugamula kuti matenda a apongozi anu anachokera ku lesitilantiko. N'zotheka ndithu, koma matenda obwera ndi chakudya amasiyana nthawi yoyambira: ena amayamba pakangopita maola ochepa, pomwe ena amatenga masiku awiri kapena atatu, kutanthauza kuti zimene anadya kapena kumwa pa ulendo wochokera ku Ntcheu zikhozanso kukhala gwero lake. Funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti, mwa anthu asanu ndi mmodzi aja, ndani anadya chiyani ndipo ndani anadwala. Ngati anadwala ndi okhawo amene anadya nsomba, chikayiko chanu chili ndi maziko. Ndikukhulupirira kuti munawapatsa Thanzi ndipo anachira. Munthu wachikulire akatsegula m'mimba madzi amatha msanga m'thupi, ndipo tisaiwale kuti kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kutsegula kwa madzimadzi, kwa magazi kapena kophatikizana ndi kusanza kosalekeza n'kofunika kuthamangira nako kuchipatala tsiku lomwelo. Za ukhondo wa malo odyera, amene ali ndi mphamvu ndi a zaumoyo a khonsolo ya mzinda, omwe amayendera makhitchini ndipo angathe kutseka malo osasamala. Kukawauza zimene munaona si kuchitira munthu nkhanza, chifukwa iwo amakayendera okha asanachitepo kanthu.

Pa nkhani ya bilu, ndikanakonda mukanapempha kuti akuwerengereni chinthu chimodzichimodzi. Nthawi zina kusiyanako kumabwera chifukwa cha msonkho wa VAT ndi msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, ngati mitengo ya pa menyu inalembedwa popanda misonkhoyi. Nthawi zina chifukwa chake ndi chakuti mitengo inakwera koma menyu sinasinthidwe, zomwe zinachuluka kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Eni malo odyera akuvutikadi ndi kukwera kwa mafuta ophikira, gasi ndi ndiwo, ndipo n'zomveka kuti akweze mitengo, koma ayenera kumuuza wogula asanaitanitse chakudya. Kuonetsa mtengo wina n'kulipiritsa wina ndi kusocheretsa wogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lodziwika kuti CFTC, limalandira madandaulo otere. Bungwe la CAMA nalonso limayankhulira ogula. Kulikonse kumene mungapite adzakufunsani lisiti, choncho ngati munalisunga mwachita bwino.

Kukana kulipira zonse sikukanakhala kwanzeru. Munthu amene wadya n'kukana kulipira amadziika pa mlandu, ndipo nkhani ikhoza kukafika kupolisi pamaso pa apongozi omwewo. Choyenera chinali kubweza mbale ya nsombayo, kupempha kuti ichotsedwe pa bilu, n'kulipira zina zonse pa mtengo wolembedwa pa menyu. Za mtsikana uja, yankho lake linali lopanda ulemu ndipo manijala ayenera kulidziwa, koma mukamafotokoza mukumbukire kuti woperekera chakudya sagula nsomba, saphika, ndipo sasankha kuchuluka kwa antchito. Kudikira kwa ola ndi theka kawirikawiri kumasonyeza kuti antchito ndi ochepa kapena khitchini silikuyendetsedwa bwino, ndipo umenewo ndi udindo wa mwini malo. Zimandipweteka ndikaona dandaulo la kasitomala likuthera pa kumudula malipiro wantchito wamng'ono, pomwe firiji yowonongeka ikadali pomwepo.

Musanalembe pa Facebook, bwererani kumaloko kapena alembereni kalata yotchula tsiku, nthawi, zimene munaitanitsa ndi zimene zinachitika, ndipo munene momveka chimene mukufuna, kaya ndi kupepesa kapena kubwezeredwa ndalama za nsombayo ndi zimene zinapitirira pa bilu. Akakunyalanyazani, muli ndi ufulu wofotokozera anthu ena zimene zinakuchitikirani, koma mulembe zokhazo zimene munaona ndi maso anu. Mukhoza kunena kuti nsomba inkanunkha ndiponso kuti bilu inasiyana ndi menyu, koma musalembe kuti malowo anadwalitsa apongozi anu popanda umboni wa kuchipatala, chifukwa akhoza kukusumirani mlandu woipitsa mbiri. Dzina kapena chithunzi cha mtsikana uja musachiike. Pomaliza, kambiranani ndi amuna anu mtima uli m'malo, kuti mugwirizane amene azidzuka kukalankhula ndi manijala zoterezi zikadzachitikanso muli ndi alendo.

FUNSO

Alangizi, ine ndimakonda kudya nkhomaliro m'malesitilanti a ku Old Town kuno ku Lilongwe. Tsiku lina anandipatsa nkhuku yosapsa m'kati, ndipo woperekera chakudya anachedwa kwambiri kundisinthira. Potuluka sindinasiye tipu, ndipo mnzanga anandinena kuti ndine woumira. Kodi ndinalakwa?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Bambo, simunalakwe. Kuno kwathu tipu si lamulo, ndi kangachepe kothokozera munthu amene wakusamalirani bwino, ndipo mtima wanu ndiwo umagamula. Munachitanso bwino kubweza nkhukuyo, chifukwa nkhuku imene ikuonekabe magazi pafupi ndi fupa ikhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, ndipo nyama yotere imayenera kupsa mpaka msuzi wotuluka m'kati mwake ukhale woyera. Chimene ndingakupempheni ndi kusiyanitsa kumene vuto linachokera. Ngati woperekerayo anapepesa, anatenga mbale msanga, ndipo kuchedwako kunali kwa kukhitchini pomwe ankaphika nkhuku ina, iye anagwira ntchito yake ndipo kumumana tipu kunali kumulanga pa mlandu wa wophika. Ngati anakusiyani mukudikira iye akucheza pafoni, ndalama yanu munaisunga pa chifukwa chomveka. Popeza kumaloko mumapitako kawirikawiri, ulendo wotsatira mukamuuze manijala za nkhuku ija, ndipo mukaitanitsanso nkhuku muyambe mwaidula pafupi ndi fupa musanayambe kudya.