Masoketi afa koma mababu akuyaka, ndiyambire pati?

Funso lachokera kwa achimwene ena aku Rosettenville, akuti m'chipinda chawo chakuseli masoketi awiri angosiya kugwira ntchito, mababu akuyaka bwinobwino, breaker (swichi yomwe imagwa yokha moto ukachuluka) sinagwe, abwereka multimeter, mita yoyesera magetsi, koma sakudziwa poyambira.

Achimwene, ikani kaye mita pa AC volts muyese soketi yomwe ikugwira ntchito, muone ngati ikuwerenga cha m'ma 230V, apo mwadziwa kuti mitayo ndi yamoyo. Kenako kazimitseni main switch pa DB, bokosi la ma breaker lomwe limagawa moto m'nyumba, osati kaswichi ka pa soketi ayi, mubwerenso muyese live ndi neutral, live ndi earth, paliponse pakhale 0. Ngati moto mumakoka kunyumba kwa a landilodi auzeni asakweze mpaka mutamaliza, inverter ngati ilipo nayonso izime. Ndipo chonde musamagwire mawaya poti kuli load shedding, magetsi a ku Joni kuno amabwerera osagogoda ndipo amapha.

Tsopano tembenuzani mita ifike pa kachizindikiro kokhala ngati mafunde a mawu, gundanitsani timawaya take tiwiri, ikalira ndiye ili bwino. Mitayo imatumiza kamoto kochepa kochokera m'batire lake, kakapeza njira yodutsa imalira, waya akaduka imangolemba OL, kutanthauza kuti njira palibe. Nchifukwa chake sitiyesa izi magetsi ali oyaka, mutha kuwotcha mita ya eni ake kapena kuvulala nokha.

Masoketi m'nyumba zambiri amapatsirana moto, waya amachoka pa DB kufika pa soketi yoyamba, kuchoka apo kupita yachiwiri choncho mpaka yomaliza. Ndiye awiri akafa limodzi ine sindithamangira kugumula khoma, ndimatsegula soketi yomaliza kugwira ntchito ndi yoyamba kufa, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, sikulu yakhwefuka waya wapsa wada bii, makamaka pomwe mumalumikiza heater nthawi yozizira mu June ndi July muja. M'khoma wofiira ndi live, wakuda ndi neutral, wobiriwira kapena wopanda chikopa ndi earth. Pa chingwe cha pulagi mitundu imasintha, live ndi wa brown, neutral ndi wa buluu, musasokoneze.

Ngati maso sakuona kanthu, zulani mapulagi onse, pa soketi yakumapeto lumikizani wofiira ndi wakuda ndi kawaya kakafupi, kenako muziyenda chobwerera mukuyesa wofiira ndi wakuda pa soketi iliyonse. Pomwe mita yasiyira kulira, waya waduka pakati pa soketi imeneyo ndi yomwe inalira komaliza. Kawaya kaja kachotseni musanakweze main switch, mukakaiwala mwapanga shoti ndi manja anu.

Koma apa ndipomwe ambiri amanamizidwa, kulira kokha sikokwanira, muziwerenga nambala. Nambalayo ndi ma ohms, muyeso wa momwe waya akutchingira moto, ndipo mamita ambiri amalirabe ngakhale pa 30 ohms, pomwe waya wa masoketi wa 2.5mm wotalika mamita 20, kupita ndi kubwera, amangopereka cha m'ma 0.3 ohms basi. Ndiye mukaona 8 kapena 10 ohms mita ikulira mokoma, dziwani kuti pali joini yofooka penapake ndipo ndi yomweyo imatentha nkuyatsa nyumba usiku anthu ali mtulo. Komanso ketulo ya 2000W ili ndi pafupifupi 26 ohms, mukaiwala kuizula ili yotchera mita itha kulira kudzera mu ketuloyo inu nkumati waya ali bwino.

Funso lina lachokera kwa mayi ena aku Yeoville, akuti akangoyatsa ketulo earth leakage (swichi yoteteza ya pa DB) imagwa nyumba yonse mdima, mnzawo wawauza kuti angodula waya wa earth pa pulagi.

Mayi, mnzanuyo musamumvere ngakhale pang'ono. Earth leakage imagwa moto wa 30mA ukathawira kolakwika, ikuteteza inuyo ndi ana, mukadula earth moto womwewo udzadutsa mwa munthu wogwira ketuloyo. Izuleni pa soketi, yesani phini lalikulu la earth ndi chitsulo cha ketulo, pamenepo ilire. Kenako phini la live ndi chitsulocho, swichi ya ketulo ili yotchera, mita ikhale pa ohms zapamwamba osati pa kulira paja, ikuyenera kulemba OL. Ikaonetsa nambala iliyonse element yaboola, gulani ketulo ina. Nthawi zina mita yaing'onoyi siiona vutolo poti batire lake ndi lofooka, pamafunika megger yomwe imayesa ndi 500V, koma ngati earth leakage imagwa ndi ketulo yokhayo pa soketi iliyonse pomwe zinthu zina zikuyenda bwino, wolakwa mwamupeza kale.

Earth leakage ikamagwa mutazula zonse, kapena mvula ikagwa, ndiye madzi alowa mu waya kapena pa getsi la panja, nthawi zinanso ndi element ya giza. Pamenepo musatsegule DB nokha ndipo mita ya prepaid musaikhudze, auzeni a landilodi aitane electrician wolembetsedwa, wodziwa malamulo a mawaya a magetsi a SANS 10142-1 amene angaperekenso CoC, chikalata chotsimikiza kuti mawaya ali motsatira malamulo, nyumbayo ndi yawo.