Penti Ayambe Wadikira, Tsegulani Kaye Buku la Ubatizo

Mayi mlembi, mwati parishi yanu kuno ku Mulanje ikukonzekera jubile, komiti yakutumani kulemba kabuku ka mbiri, ndipo ena m'komitimo akufuna kuti tchalitchi chipentedwe chonse, zithunzi zakale za Njira ya Mtanda ndi zosema zamatabwa zichotsedwe, mugule zatsopano zonyezimira. Mukufunsa poyambira. Ine ndikuona kuti zimene akufuna kuchotsazo ndi mbali ya mbiri yomweyo akutumani kulemba. Choncho pitani kwa bambo mfumu muwapemphe kuti penti ayambe wadikira kufikira inu mutamaliza kuona, kujambula ndi kufunsa.

Mutu woyamba wa kabuku kanu sungakuvuteni, chifukwa maparishi a kuno onse mizu yawo ndi imodzi. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, atatu okha: Pierre Bourget, Auguste Prezeau ndi Anton Winnen. Mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu inatsegulidwa mu 1903, ndipo ndi imene ili kufupi ndi ife mwa mishoni zoyambirirazo. Inatenthedwa mu Januwale 1915 pa nthawi ya nkhondo ya Chilembwe, n'kumangidwanso. Kuyambira 1910 Ambuye Louis Auneau anatsogolera dera la Shire zaka pafupifupi 40, Blantyre inakhala arkidayosizi mu 1959, ndipo Ambuye James Chiona anakhala arkiepiskopi woyamba wachimalawi mu 1967. Maparishi a Chisitu, Mendulo, Namulenga, Muloza, Mitengo, Thunga, Molere, onsewa ali pansi pa Blantyre. Zimenezi zikwane tsamba limodzi basi. Timabuku tambiri ta jubile timathera pamenepa: mndandanda wa maepiskopi, mndandanda wa ansembe, chithunzi cha komiti, kwatha. Wowerenga n'kumadabwa ngati m'tchalitchimo munkalowa anthu.

Anthuwo ali m'buku la ubatizo. Malamulo a Mpingo amalamula parishi iliyonse kusunga bukuli, ndiye lilipo ku ofesi ya parishi, mwina m'kabati imene kiyi wake amasunga bambo mfumu okha. Mabuku akale mitu yake ili m'Chilatini, inki yake yasanduka yofiirira, koma mukazolowera dzanja la wolembayo mumawerenga bwinobwino. Mzere uliwonse uli ndi dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi, kholo lake lauzimu, tsiku, ndi siginecha ya wansembe. M'mphepete amawonjezeramo ulimbitso ndi ukwati. Inu musayambe ndi maina. Yambani ndi midzi. Lembani mudzi uliwonse ndi chaka chimene waonekera koyamba, mudzaona nokha mmene parishi inayendera, kuchoka pa mishoni, kutsata msewu, kulowa m'maesiteti a tiyi, kukwera m'mphepete mwa phiri. Mudzi ukayamba kubwereza kawirikawiri tsiku limodzi, dziwani kuti pamenepo panali patatsegulidwa sukulu kapena nthambi, wansembe ankabwera pa njinga n'kubatiza gulu lonse kamodzi. Ndipo ngati parishi yanu inabadwa kuchokera ku parishi ina, akhristu anu oyamba sali m'buku lanu, ali m'buku la parishi imene inakuberekaniyo. Mudzafunika kalata ya bambo mfumu kuti akakutsegulireni.

M'bukumo mudzakumana ndi mbiri ya boma lathu lonse. Alhomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapeza thangata m'maesiteti a kuno. Mishoni za Asikotishi zinali zitakhazikika kale, mishoni ya Malamulo ya Seventh Day ku Thyolo inayamba mu 1902, koma Mpingo wa Katolika unakula kwambiri pakati pa alendowa. Mukafika zaka za 1986 mpaka 1992 yang'anitsitsaninso, makamaka ngati muli mbali ya ku Muloza, chifukwa ndi nthawi imene anthu anathawa nkhondo kuchokera ku Milange ndi madera ozungulira. Chenjezo limodzi: masamba a bukuli musawajambule n'kuwaponya pa Facebook kapena m'magulu a pa foni. Muli nkhani za mabanja a anthu. Tengani chiwerengero ndi maina a midzi, zina zisiyeni momwemo.

Dzina limene likubwerabwera pa malo a kholo lauzimu, lilembeni pambali. Kawirikawiri ameneyo ndi mphunzitsi wa katekisimu kapena mkazi wake. Wansembe ankafika pa nthambi mwa apo ndi apo. Amene ankaimba belu m'mawa, kuphunzitsa kalasi kwa zaka zingapo munthu asanabatizidwe, kutsogolera mapemphero a Lamulungu ndi kuika maliro anali iyeyu. Zidzukulu zake zilipo. Pitani ndi foni, khalani nawo pakhonde, mujambule mawu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma musawafunse kuti "tiuzeni mbiri ya parishi", adzangokuuzani kuti inayamba kalekale. Afunseni zogwirika: njerwa zinaumbidwa pa dambo liti, ankasenza ndani, tchalitchi chaudzu chinali pati, belu loyamba linali belu lenileni kapena limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango, ng'oma inalowa liti m'tchalitchi ndipo anadandaula ndani. Funsaninso amayi a Legio ya Maria ndi a bungwe la Amayi Achikatolika, chifukwa mabuku awo a misonkhano nthawi zina amasungidwa bwino kuposa a khonsolo ya parishi. Nkhani ya miphakati ikhale ndi mutu wakewake. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Afrika, anaiika patsogolo mu 1973 ndi 1976, ndipo kuchokera pamenepo mtulo, masika ndi zomangamanga zinayamba kugwera m'manja mwa akhristu eni ake, ndalama za kunja zikuchepa.

Tsopano zapakhoma. Lowani m'tchalitchi masana mulibe anthu, muyende pang'onopang'ono kuyambira pakhomo. Mudzaona kuti zinthuzo sizinabwere tsiku limodzi. Zifaniziro zapulasitala za Mtima Woyera, Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, za nkhope zachizungu, zambiri zinabwera ndi amishonale m'mabokosi. Kenako kunabwera Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, 1962 mpaka 1965. Misa inachoka m'Chilatini kulowa m'Chichewa, wansembe anatembenuka kuyang'ana anthu, guwa linasunthidwa kuchoka kukhoma. Mukayang'ana pansi kuseri kwa guwa mwina mupeza chipsera cha simenti pamene panali guwa lakale. Chijambuleni, ndi umboni umenewo. Pambuyo pake zosema za kwathu kuno zinayamba kulowa. Bambo Claude Boucher, amene a ku Dedza anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, ku Mua mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko anasema mitanda, matabernakulo ndi zitseko zimene zinafika mpaka m'matchalitchi a ku Germany. Nzeru imeneyo inafalikira. Ndiye mukaona tabernakulo yooneka ngati nkhokwe kapena kanyumba kaudzu, Amayi Maria atabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, Simoni wa ku Kirene ali ndi nkhope ya bambo wa m'mudzi, musati mmisiri analephera kukopera. Anachita dala, ndipo ankalalikira ndi sompho.

Tsitsani chimodzi mwa zithunzi 14 za Njira ya Mtanda, muchitembenuze. Kumbuyo n'kumene kumakhala nkhani: dzina la wosema lolembedwa ndi pensulo kapena lozokotedwa ndi mpeni, chaka, nthawi zina dzina la banja kapena mphakati umene unapereka. Chinunkhizeni. Ngati ndi mkungudza wa m'phiri lathuli, fungo limakhalapobe ngakhale patapita zaka zambiri, ndipo dziwani kuti chimenecho simudzachipezanso, mtengowo watsala pang'ono kutheratu ndipo kudula n'koletsedwa. Gogodani ndi chala. Pakamveka phwephwe, kapena pakagwa ufa kuchokera m'timabowo, muli tizilombo kapena chiswe chalowera kukhoma. Vutolo ndi la mankhwala ndi kuchisiyanitsa pang'ono ndi khoma lonyowa, si la kutaya. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi penti wa oyilo pa chosema. Ndinaonapo mtanda wa m'bawa pa nthambi ina ku Thyolo, wosemedwa bwino mpaka nthiti ndi minga ya chisoti, achinyamata ataupaka kirimu wotsala pa mawindo pokonzekera kubwera kwa Ambuye Episkopi. Mizere yonse ya mpeni inakwiririka, nkhope inangokhala ngati ya chidole cha m'sitolo. Anachita ndi mtima wabwino, koma kuchotsa pentiyo osawononga thabwa ndi ntchito ya katswiri. Chosema chimafuna kupukuta fumbi ndi burashi yofewa, kenako phula pang'ono.

Sindikunena kuti chakale chilichonse n'chokongola. Zina zinapangidwa mothamanga, zina zathyoka mosakonzeka, ndipo amene akufuna tchalitchi chowala pa jubile sakulakwa. Koma komiti ilibe mphamvu yongotaya. Malamulo a Mpingo, nambala 1189, amati zifaniziro zamtengo wapatali chifukwa cha ukale, luso kapena ulemu umene anthu amazipatsa, zisakonzedwe popanda chilolezo cholembedwa cha akuluakulu a dayosizi, amene ayenera kufunsa kaye akatswiri. Nambala 1283 imafuna kuti pakhale kaundula wa katundu wa parishi. Ndipo chinthu chodalitsidwa chikatha ntchito sitiponya kudzala kapena kusonkhera moto wa nsima ya pa chikondwerero, mwambo wake ndi kuchitentha mwaulemu kapena kuchikwirira. Zimene zachotsedwa koma zili bwino, zipititseni ku nthambi imene ilibe, kapena patulani kachipinda pafupi ndi sakristiya muziike ndi kapepala kofotokoza.

Ngati mugulabe zatsopano, ganizirani kupatsa ntchito mmisiri wa konkuno. Osema alipo, ku Likhubula mwawaona. Mumupatse ndime ya m'Baibulo, akambirane ndi bambo mfumu, ajambule kaye papepala komiti ione, thabwa likhale louma ndi logulidwa mwalamulo. Muuzeni alembe dzina lake ndi chaka kumbuyo, kuti mlembi wa jubile yotsatira asadzavutike ngati inu.

Pa ndalama, uzani komiti iyambe ndi denga ndi ngalande. Mvula ya kuno mukuidziwa, ndipo chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 makoma ambiri ali ndi ming'alu ndi chinyontho chimene penti amangobisa miyezi yochepa. Lata likadontha pamwamba pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri, kaya ndi chakale kaya chatsopano, chiola. Mabuku a ubatizo nawonso achoke pansi, akhale pa shelefu yokwera, kutali ndi windo.