Yankho kwa azakhali pa za bondo lotupa

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani phokosoli, ndili m'minibasi. Ndaona funso lanu pagulupu, loti bondo latupa, likutentha, nanga bwanji panado sakuphula kanthu koma brufen akuthandiza.

Kutupako likupanga ndi thupi lanu lomwe. Thupi lathuli ndi lomangidwa ndi maselo, ndipo selo lililonse lakutidwa ndi kachikopa ka mafuta. Ndiye mukapweteka, kaya mwagwa kaya mafupa akukhulana, maselo a pamalopo amabenthula kachidutswa ka mafuta amenewo, dzina lake arachidonic acid. Kenako pali enzyme ina yotchedwa COX, enzyme ndi kanthu kofulumizitsa ntchito za m'thupi, imatenga mafuta aja n'kuwasandutsa ma prostaglandin. Amenewa ndiye amithenga. Sakhala osungidwa penapake ayi, amapangidwa nthawi yomweyo, pomwe pavulalapo.

Akangotuluka, mitsempha ya magazi imatakasuka, magazi n'kukhamukira pamenepo, n'chifukwa chake mukagwira pabondopo pamatentha. Mothandizana ndi anzawo ngati histamine, amachititsa kuti madzi adonthe kuchoka m'mitsempha kulowa m'minofu, ndiye kutupa kuja. Ululu nawo amaukolezera, moti chitenje chikangokhudza pang'ono mumamva ngati wina wakubayani ndi singano.

Tsono brufen, diclofenac, aspirin, onsewa amatseka COX uja, amithenga aja n'kuchepa. Zimenezi anazitulukira John Vane ku London mu 1971, tangoganizani, anthu atamwa aspirin zaka zoposa 70 osadziwa kuti amagwira bwanji ntchito. Panado yekha amachepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi, koma pa kutupa alibe mphamvu kwenikweni.

Koma apa ndiye mumvetsetse azakhali. Ma prostaglandin omwewo m'mimba ali ndi ntchito yabwino, amachititsa mimba kutulutsa tinthu tolenda ngati therere tomwe timatchinga kuti asidi asawotche mkati. Mukamamwa brufen tsiku ndi tsiku mukuchotsanso chotchinga chimenecho, zilonda zam'mimba zimayambira pamenepo. Impso nazo zimavutika, makamaka inuyo poti muli pa mankhwala a BP. Ndiye musaphatikize brufen ndi diclofenac, ndi pachibale amenewo. Muzidya kaye musanamwe brufen, ngakhale kaphala. Chimbudzi chikayamba kuda bii ngati makala, siyani pompo, thamangirani kuchipatala.

Ndipo ngati kuwonjezera pa bondolo thupi lonse likutentha, kapena mukulephera kuponda, musadikire Lolemba, auzeni amalume akuperekezeni lero lomwe. Ndikatsika ndikuimbirani.