Za kudya ku buffet yopanda nyama ku Bengaluru

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko, nanga alamu adzuka bwanji lero? Uthenga wanu uja ndaumva. Mwati pafupi ndi nyumba ya alendo imene mwafikira ku Bengaluru, ku India, malo odyera pafupifupi onse alemba kuti pure veg, ena mwa iwo ndi a buffet, ndiye mukufunsa ngati munthu angakhute popanda nyama kapena nsomba, komanso ngati zili bwino kwa alamu ndi shuga wawo uja. Ndikuyankhira pagulu pano dala kuti wina akadzapita kumeneko adzamverenso.

Kukhuta mukhuta, pamenepo mtima m'malo. Chimene chimavutitsa alendo si kusowa kwa nyama ayi, koma kutapa zinthu zosazidziwa mbale n'kudzaza, kudya zozizira, ndiponso shuga wobisika m'ndiwo. Ndiye ndilankhula za zitatu zimenezi.

Akalemba kuti pure veg ndiye kuti mulibe nyama, nkhuku, nsomba, ngakhale dzira. Koma mkaka ulimo, ndipo ndi wambiri: yogati, ghee amene ndi mafuta oyenga kuchokera ku mkaka, ndi paneer, tchizi choyera chodula timabokosi. Pa zakudya za m'mapaketi mudzaona kabokosi kobiriwira kokhala ndi kadontho kobiriwira pakati, chimenecho ndi chizindikiro cha zopanda nyama. Chofiirira ndi cha zanyama. Ndipo chonde musalowe m'menemo ndi kankhuku kogula kwina kapena usipa wanu wa m'chikwama kuti muonjezere ndiwo. Kwa eni malo ndi nkhani ya chipembedzo, zimawapweteka kwambiri.

Musanakhale pansi funsani kaye kuti ndi ya mtundu wanji, chifukwa zilipo zitatu zofanana maonekedwe. Pali buffet yeniyeni, mumalipira mtengo umodzi pa munthu n'kumadzitapira nokha. Pali unlimited thali, ena amati unlimited meals, mumakhala pansi ndipo operekera amazungulira ndi tindowa kukuonjezerani mpaka mutakana. Ndiye pali limited meals, mbale imodzi basi, chilichonse choonjezera mumalipira padera. Anthu amasokoneza ziwiri zomalizazi, n'kumalandira chapati yachitatu ndi yachinayi, bilu pobwera maso tong'o. M'malo ang'onoang'ono mumayamba mwalipira pa kauntala, akupatsani kapepala, n'kukapereka pamene akugawira chakudya.

Nthawi ndi yofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 12 koloko kapena hafu pasiti 12 n'kutha cha m'ma 3, mgonero cha m'ma 7 madzulo. Pitani m'ola loyamba, miphika ikadali yotentha. Amene amafika cha m'ma 3 amapeza mpunga umene wakhala pamenepo maola awiri atatu uli wofunda chabe, ndipo umenewo ndi umene umatsegula m'mimba.

Mukalowa musatenge mbale msanga. Yendani kaye mzere wonse manja ali kumbuyo, muwerenge timapepala ta mayina. Mudabwa kuti zambiri ndi za kwathu zomwe, kungoti zavala zina. Dal ndi sambar, nthawi zambiri maziko ake ndi nandolo wosenda ndi kuwaza pakati, amati toor dal, nandolo yemwe uja amalondafe timatumiza ku India kuchokera ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Bhindi ndi therere lobala, koma iwo amakazinga mpaka lisatelere. Brinjal kapena baingan ndi mabiringano. Rajma ndi nyemba zofiira, chana ndi tchana. Palya ndi ndiwo zamasamba zopanda msuzi, monga kabichi, zitheba kapena karoti, zokazinga pang'ono ndi njere za mpiru ndi kokonati wopala. Kuwawasa kumene mudzakumve mu sambar ndi mu rasam ndi bwemba. Mu sambar momwemo mudzapeza timitengo tobiriwira totalika ngati chala, amati drumstick, ndi zitheba za cham'mwamba. Osameza chonsecho: mumakanda zam'kati ndi mano, khungu lake lolimba n'kuika pambali pa mbale. Chimodzimodzi tsabola wouma wathunthu, masamba amene amati curry leaves, ndi tizidutswa ta sinamoni, zimenezo n'zongonunkhiritsa, mumazikankhira pambali.

Tsono poti mwati alamu akudandaula nsima, funsani ragi mudde. Ndi nsima ndithu, koma ya ufa wa mawere, yofiirira ngati dothi la katondo, yobulungidwa kukula kwake ngati mpira wa tenisi. Ndi chakudya cha anthu a kumwera kwa Karnataka, boma limene Bengaluru alimo. Imabwera yotentha, ikutuluka nthunzi. Mumanyowetsa zala mu msuzi kuti isamate, n'kutema kambamu kakang'ono, kocheperapo kuposa mbamu yathu, kukaviika mu saaru, umene ndi msuzi wa masamba ndi nyemba, n'kumeza osatafuna. Mukatafuna imamata m'mano ndi kukhosi, ndipo pamenepo ndi pamene alendo amati siyokoma. Si buffet iliyonse imene imaika mudde, kawirikawiri imapezeka masana m'malo odyera a anthu wamba. Mukaona malo olemba kuti khanavali, amenewo ndi a anthu a kumpoto kwa Karnataka, kumeneko mupeza jolada rotti, chapati yopyapyala ya ufa wa mapira yopanda mafuta, ndi mabiringano oika nsinjiro m'kati. Kwa munthu wa kwathu zimenezi zimalowa bwino kwambiri.

Katapidwe kake ndi aka. Ulendo woyamba tapani supuni imodzi imodzi ya zinthu zinayi kapena zisanu, mulawe. Zamsuzi muike m'timbale tating'ono tachitsulo tija, amati katori, osathira zonse pa mpunga, chifukwa zikasakanikirana simudziwa chimene chawawa ndi chimene chakoma. Ulendo wachiwiri ndi pamene mumatapa zenizeni, ndipo ku buffet mumatenga mbale yatsopano, yakale mumaisiya pa tebulo. Msampha waukulu uli poyambira. Malo ambiri amayamba kukupatsani zokazinga, monga vada, pakoda, gobi manchurian, paneer wowotcha, ndipo amangobweretsabe. Zimakoma, koma ndi ufa ndi mafuta, mukhuta nazo musanafike pa ndiwo, kenako pakati pa usiku chilungulira. Ziwiri ziwiri zakwana.

Anthu a kumwera amadya motsatana, ndipo dongosolo lawo ndi lanzeru: mpunga ndi sambar, kenako mpunga pang'ono ndi rasam, msuzi wamadzi wa tsabola wakuda ndi bwemba, n'kumalizira mpunga wosakaniza ndi yogati ndi kamchere. Womalizawo umaziziritsa m'mimba. Musaunyoze poona kuti ndi mpunga wa mkaka, ulaweni kaye.

Za tsabola. Musaweruze ndi maso. Msuzi wofiira piriwiri nthawi zina suwawa konse, chifukwa pali tsabola wina wa ku Karnataka komweko, wa Byadgi, amene amapereka mtundu osati ukali. Koma chutney chobiriwira chooneka chofatsa chija chikhoza kuposa kambuzi. Malo akalemba kuti Andhra meals dziwani kuti kumeneko tsabola ndi wambiri zedi. Pakamwa pakayaka musathamangire madzi, amangofalitsa moto, chifukwa chimene chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Tengani yogati, kapena majjige, amene ali ngati chambiko chosungunula ndi madzi, chothira mchere. Uppinakayi, achali wa mango kapena ndimu, ndi wongonyambita kunsonga kwa chala, si ndiwo.

Tsopano mvetserani bwino apa, achemwali, chifukwa alamu ali pa ndondomeko ya kuchipatala ndipo kutsegula m'mimba kukhoza kusokoneza masiku awo onse. Lamulo ndi limodzi: chotuluka nthunzi idyani, chaiwisi ndi chozizira chisiyeni, makamaka sabata yoyambayi. Chakudya chophika chimakhala chotetezeka chikasungidwa pa kutentha kopitirira madigiri 60. Tsegulani chivindikiro, ngati sichikutulutsa nthunzi ndipo kamoto ka pansi kazima, pitirirani. Zoti muzilambalale ndi saladi wa nkhaka ndi anyezi, kosambari amene ndi mphodza zongoviika osaphika, zipatso zodula kale, chutney cha kokonati chimene chakhala nthawi yaitali panja, ayezi, ndi pani puri, timipira tokhukhuma tothira madzi ozuna ndi owawasa. Vuto lake si chakudyacho, ndi madzi amene atsukira kapena kusungunulira. Majjige nayenso amasungunula ndi madzi, ndiye m'malo amene simukuwakhulupirira tengani yogati wolimba kapena majjige wa m'paketi yomata. Madzi akumwa gulani a m'botolo, muone kuti chitsekero sichinathyoledwe. Apo ayi, pemphani bisi neeru, ndiye kuti madzi otentha, ndi chinthu chozolowereka kumeneko, palibe angadabwe.

Za shuga wa alamu. Anthu amaganiza kuti chakudya chopanda nyama ndiye kuti ndi chabwino kwa wodwala shuga. Si choncho. Pa buffet yotereyi zokhutitsa zimachuluka kwambiri: mpunga woyera, pulao, bisi bele bath amene ndi mpunga wophika pamodzi ndi nandolo, chapati, puri, naan, idli, dosa, mbatata ya kachewere. Munthu amatenga pang'ono pang'ono pa chilichonse, osazindikira kuti wadya ngati mitanda inayi ya nsima. Alamu asankhe chokhutitsa chimodzi: chapati ziwiri, kapena mudde imodzi yaing'ono, kapena katori imodzi ya mpunga. Theka la mbale likhale masamba ophika, kota ikhale dal, tchana kapena paneer, kota yotsalayo ndiye chokhutitsacho. Ayambe kudya masamba ndi nyemba, chokhutitsa pambuyo. Mudde musaiyese mankhwala, mawere nawonso amakweza shuga akachuluka.

Ndiye pali shuga wosaoneka. M'malo ambiri odyera olemba kuti Udupi, dzina la tauni ya ku Karnataka, amathira shuga wa nzimbe wosayeretsa, amati bella, mu sambar ndi mu rasam momwe. Inu muyambe mwalawa, mukamva kutsekemera alamu atenge dal wamba. Misuzi yokhuthala yonga paneer butter masala imakhala ndi kirimu, kashu wopera ndiponso kashuga. Zotsekemera za kumapeto zija, payasa, kesari bath, gulab jamun, holige, azingoziona. Khofi ndi tiyi amabwera atathira kale shuga, ndiye nenani msanga kuti sugarless, mawu amenewo amawamva. Ngati adokotala anawauzanso zochepetsa mchere, papadi ndi achali asakhudze. Chinanso, ngati amabaya insulini asanadye, asabaye ali kunyumba. Loweruka ndi Lamlungu mukhoza kudikira tebulo theka la ola kapena kuposa, shuga n'kutsika muli pamzere. Abaye chakudya chili pamaso, ndipo m'chikwama mwanu musasowe maswiti angapo. Tengani kamakina koyezera kaja, ayeze patatha maola awiri atadya, mulembe ndi zimene anadya. Pakatha masiku atatu mudziwa chimene chikuwakwezera, ndipo pepala limenelo mukaonetse adokotala. Zipatala zikuluzikulu zimakhala ndi katswiri wa zakudya, pemphani kuti mumuone.

Makhalidwe a pa tebulo sasiyana kwambiri ndi athu. Kudya ndi manja n'kololedwa, posambira pamakhala pakona, amalemba kuti hand wash. Idyani ndi dzanja lamanja, ndipo dzanja limene mukudyera lisagwire chipande chotapira, gwiritsani lamanzere. Chipande cha mphika wina chisalowe mu mphika wina, makamaka pamene alemba kuti Jain, chifukwa anthu a chipembedzo chimenecho sadya anyezi, adyo ndi mbatata. Mukapatsidwa tsamba la nthochi m'malo mwa mbale, liwazeni timadzi n'kupukuta ndi dzanja chakudya chisanaikidwe, ndipo mukamaliza lipindeni kulozetsa kwa inu. Kambale ka madzi ofunda kokhala ndi kandimu kobwera pomaliza n'kosambira zala, si kakumwa. Mawu anayi a Chikannada, chilankhulo cha kumeneko, akuthandizani: swalpa (pang'ono), saaku (kwakwana), beda (sindikufuna), khara kammi (tsabola achepe). Ku unlimited kuja operekera amafulumira, ndiye ponena saaku phimbani mbale ndi dzanja, apo ayi chipande cha mpunga chagwera kale.

Pa bilu, funsani poyamba ngati mtengo walembedwawo uli ndi msonkho kale. M'malesitilanti wamba amaonjezera msonkho wa GST wa 5 peresenti, m'mahotela akuluakulu odula ndi 18 peresenti. Service charge, ndalama yoonjezera ya ntchito ya operekera, si yokakamiza, mukhoza kupempha mwaulemu kuti aichotse. Mtengo wa buffet wa kumapeto kwa sabata umakonda kukwera kuposa wa pakati pa sabata, ndipo madzi a m'botolo ndi zakumwa nthawi zambiri amawerengera padera. Kunyamula zotsala ku buffet salola. Anthu kumeneko amalipira pa foni ndi UPI, koma imeneyo kwa mlendo imavuta, ndiye yendani ndi marupi a mapepala a 100, 200 ndi 500, poti khadi la kwathu nthawi zina makina amalikana.

Pobwerera mudutse pa famase mugule mapaketi angapo a ORS, yomwe ija kwathu timati Thanzi. Werengani pa paketi, ina ndi ya lita imodzi ya madzi, ina yaing'ono ndi ya mamililita 200. Koma alamu akangoyamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, musangodalira zimenezo, imbirani kuchipatala kwawo tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ena a shuga amafunika kuimitsa kaye munthu akamataya madzi m'thupi, ndipo zimenezo anene ndi adokotala.

Mawa mukapita masana mujambule timapepala ta mayina tija muponye pagulu pano, ndikuuzani chimene chili chiyani musanatape. Muwapatse moni alamu.