Yankho kwa Malume pa za bokosi la makamera ndi mafilimu

Malume mwaswera bwanji ku Kamwendo kumeneko, ndi onse kunyumbako. Ndaliona funso lanu pa gulupu lija, loti mukufuna kugula bokosi limodzi lija amati NAS kuti lizisunga za makamera anayi a pashopu ndi kushedi ya soya, komanso mafilimu a ana kuti azionera pa TV kunyumba. Ndati ndingolankhula chifukwa polemba ndikanasiya zambiri.

Poyamba kaye, NAS ndi kakompyuta kakang'ono kopanda sikirini, mumaikamo ma hard disk awiri kapena anayi nkukalumikiza ndi waya ku rauta, ndiye foni, laputopu, TV zonse zapanyumbapo zimatha kutenga zinthu mmenemo. Amene amatchuka ndi a Synology ndi a QNAP, makampani onse awiri ndi a ku Taiwan. Synology ili ndi DS224+ yomwe inatuluka mu 2023, yolowa ma disk awiri, QNAP ili ndi TS-264, nayonso awiri koma iyo ili ndi polowetsa HDMI ndiye mutha kuilumikiza ku TV mwachindunji. Ndi zinthu zabwino ndithu sindikuzinyoza ayi, koma kwa inuyo Malume ine ndikuti musagule bokosi limodzi la ntchito ziwirizi.

Chifukwa choyamba nchapafupi kwambiri, shopu ili kumsewu nyumba ili kwina. Bokosilo limagwira ndi zinthu zomwe zili pa netiweki imodzi, ndiye mukaliika kunyumba makamera aja azitumiza zithunzi kudzera pa intaneti usana ndi usiku, mabando ake simungawakwanitse, mukaliika kushopu ana kunyumba saonera kanthu. Apo pokha nkhani yavuta kale.

Chachiwiri ndi ndalama zobisika zomwe ogulitsa satchula msanga. Mtengo umene amakuuzaniwo kawirikawiri ndi wa bokosi lopanda kanthu mkati, ma disk mugule padera. Kenako pulogalamu ya makamera ya Synology, amati Surveillance Station, imabwera ndi laisensi ya makamera 2 okha yaulere, kamera yachitatu ndi yachinayi muzilipirira laisensi iliyonse payokha. Komanso NAS siipatsa kamera magetsi, mufunika kugulanso switch ya PoE, kabokosi kolumikizira mawaya a netiweki komwe kamapatsanso makamera magetsi kudzera pa waya womwewo. Zonsezi mitengo yake imayendera dola ndiye mukudziwa mmene zinthu zililimu.

Pomwe NVR, lomwe ndi bokosi losunga zojambula za makamera, ya Hikvision kapena Dahua, ija ya machanelo (malo olumikiza makamera) 4 kapena 8 yokhala ndi PoE mkati momwemo, inapangidwira ntchito imeneyi basi. Waya umodzi kuchoka pabokosi kupita pa kamera, womwewo ukupititsa moto womwewo ukubweretsa chithunzi, mpaka mamita 100, palibe za laisensi pa machanelo akewo, mwalumikiza ka TV kakale kumbuyo kwa kauntala mukuona zonse. Ndiponso ikavuta amisiri oidziwa ndi ambiri, kuno ku boma alipo, ku Lilongwe, ngakhale ku Chipata mukaoloka pa Mwami. Ine ndingatenge ya machanelo 8 ngakhale makamera ali anayi, chifukwa ndikudziwa chaka chamawa mudzafuna ina yoyang'ana pa sikelo nthawi yogula mtedza.

Tsopano za disk, apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Kamera imodzi ya 1080p ikamajambula pa 2 Mbps imadya pafupifupi 21 GB patsiku, anayi ndi cha m'ma 86 GB, ndiye disk ya 2 TB ikusungirani masabata atatu ndi masiku angapo kenako iyamba kufufuta zakale nkumalemba zatsopano pamwamba pake, ya 4 TB ndi mwezi ndi theka. Ine ndikuti 4 TB, chifukwa matumba akamasowa m'shedi simudziwa tsiku lomwelo, mumadzazindikira powerengera katundu pakutha pa mwezi, ndiye mukufuna mubwerere mmbuyo mupeze kuti zilipobe. Muonetsetse kuti makamera ndi bokosi zonse zili ndi H.265, imeneyo imapanikiza kanema kuti atenge malo ochepa kuposa H.264. Ndipo disk yake ikhale WD Purple kapena Seagate SkyHawk, amenewo anawapangira kulemba osapuma. Asakuikireni disk yochotsa mu kompyuta yakale, imagwira miyezi yoyamba nkudzafa mwakachetechete inu osadziwa, tsiku lofuna umboni mukupeza mulibe kanthu. Ma disk a NAS amakhala ena, WD Red Plus kapena IronWolf.

Ogulitsa NAS akuuzaninso za RAID 1, kuti ma disk awiri amakopererana wina akafa mnzake atsala. Nzoona zimenezo, koma dziwani kuti awiri a 4 TB akupatsani 4 TB yokha osati 8, komanso wakuba akalowa nkunyamula bokosilo wanyamula onse awiri, chimodzimodzi kusunga ndalama m'matumba awiri a jekete imodzi. Ndiye chofunika kwambiri ndi pomwe mwaliika bokosilo. Osati pakauntala pooneka, mulitsekere m'kabati yachitsulo m'chipinda chamkati, koma muzilowa mpweya, musaliike m'denga pansi pa malata chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi fumbi lathu lino zimapha ma disk.

Nkhani ina yaikulu kuposa zonsezi ndi magetsi. Akuba amakonda usiku womwe kwazima, ndiye makamera ozima limodzi ndi magetsi ndi ndalama zotaya. Kuzima mwadzidzidzi disk ikulemba kumaononganso mafayilo, ndipo NAS ndi imene imadana nazo kwambiri zimenezi. Makamera usiku akayatsa timagetsi tawo toonera mumdima, pamodzi ndi NVR ndi rauta, muziwerengera cha m'ma 40 watts, kwa maola 12 ndi pafupifupi 480 Wh. Batire ya 12V 100Ah ili ndi 1200 Wh koma ya asidi ija simuyenera kuikhetsa kupitirira theka, ndiye imodzi ikufikitsani mmawa bola pasakhale filiji ya zakumwa ija pamenepo. Inveta yanu ya sola ija ingathe, koma muikeponso choteteza ku mphezi isanayambe mvula ya Novembala, makamaka pa waya wopita kushediyo.

Za intaneti musade nkhawa kwambiri, kujambula sikufuna bando, bokosi limalemba lokha ngakhale netiweki palibe. Bando imadyeka mukamaonera pa foni muli kutali, pa pulogalamu ya Hik-Connect ngati ndi Hikvision kapena DMSS ngati ndi Dahua, ndipo imadyeka mbali zonse, pa rauta ya kushopu ndi pa foni yanu. Muzisankha chithunzi chotsika chija poonera pa foni, MiFi ya TNM kapena Airtel ikwanira. Pasiwedi muike nokha ndi dzanja lanu mmisiri akamaliza, muisinthe, asaidziwe anyamata a pashopu.

Ndiye za mafilimu a ana, pa TV imodzi simufunika NAS, hard disk ya USB yolowetsa kumbuyo kwa TV kapena pa ka Android box yakwana. Ngati mukufuna kuti wina azionera pa foni wina pa TV nthawi imodzi, laputopu yakale ija ili mkabati tingaiikemo Jellyfin, pulogalamu yotumiza mafilimu ku foni ndi TV, ndi yaulere, ilinso Plex koma zina zake nzolipira, ndipo laputopu ili ndi batire yake magetsi akathawa siizima pompo. Ngakhale mutagula Synology mukanaikamobe imodzi mwa ziwirizi chifukwa pulogalamu yawo ya Video Station anaichotsa mu 2024. NAS mudzaiganizire mtsogolo mukadzafuna malo amodzi osungira zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe za banja lonse ndi mabuku a bizinesi, pamenepo ndiye ndidzakuuzani ndekha kuti tiyeni tigule.

Chomwe ndikupempha, mtume mwana ayeze mamita kuchoka pashopu kufika kushedi, chifukwa akapitirira 100 tifunika switch pakati, ndipo mundijambulire chomata chija chili pa inveta ndi pa batire munditumizire pa gulupu pompano. Musalipire kaye dipoziti kwa aliyense, Loweruka ndikwera minibasi ndibwere tidzaone limodzi poika makamerawo. Zikomo Malume.