Mwana wanga walowa m'gulu lachilendo pa Telegram, ndimulande foni?

Mayi wina watilembera imelo. Mwana wake wamwamuna wazaka 17 amagona mochedwa akuonera mavidiyo a nkhondo m'gulu lina la pa Telegram (pulogalamu yotumizirana mauthenga ngati WhatsApp), wasiya anzake ampira, ndipo wayamba kunena kuti akuluakulu a komwe banjalo limapembedza ndi osochera. Mayiyu akufunsa mmene magulu ochita zauchifwamba amakopera ana pa intaneti, komanso ngati kumulanda foni kungathandize.

Mayi, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanafike poipa. Vidiyo payokha kawirikawiri sitenga mwana. Amamutenga ndi munthu, ndipo ntchito ya vidiyo ndi kumuonetsa munthuyo mwana amene angamuyambe.

Gulu la zigawenga la ISIS, la ku Iraq ndi Syria, ndi lomwe linaonetsa dziko njirayi poyera. Pamene linkalanda mzinda wa Mosul ku Iraq mu June 2014, linali ndi pulogalamu ya pa foni yomwe inkatumiza yokha mauthenga a gululo pa Twitter kudzera m'maakaunti a aliyense amene waiika. Linkalowetsanso mauthenga ake pa ma hashtag a World Cup kuti okonda mpira awaone. Kafukufuku wa bungwe la ku America la Brookings anapeza maakaunti osachepera 46,000 otsatira gululi kumapeto kwa chaka chimenecho. Anthu amakumbukira mavidiyo odula mitu, koma zambiri zomwe ankafalitsa zinali misika yodzaza, zipatala, anyamata akudyera mbale imodzi akuseka. Kwa mnyamata wodziona ngati wosawerengedwa, zithunzi ngati zimenezi zimakoka kuposa za magazi.

Pa gawo limeneli akungoponya nyambo. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuona amene wakonda uthenga, amene wayankha mokwiya, amene wafunsa funso. Ameneyo amalandira uthenga wamseri, waulemu, womuyamikira kuti amaganiza mozama kuposa amsinkhu wake. Posakhalitsa amauzidwa kuti pano pali maso ambiri, tiyeni tikacheze ku Telegram kapena ku WhatsApp. Kuchoka poyera kupita kuseri kumeneku ndiye pamene muyenera kutchera khutu, chifukwa kumeneko palibenso wotsutsa.

Kuseriko, sabata zoyamba sipamveka za mfuti. Wokopayo amamvetsera. Amafufuza bala la mwanayo, kaya ndi kusowa fizi, kusalidwa, bambo amene anachoka pakhomo, kapena mbale amene anamenyedwa ndi apolisi. Amayankha ngakhale pakati pa usiku, nthawi zina amatumiza ndalama ya bandulo. Kenako balalo amalipatsa mwini wake: amene akukuzunzawe ndi awa, ndipo akuzunza tonse. Zikatero amayamba kumutuma tintchito ting'onoting'ono, monga kugawira anzake vidiyo, kumasulira uthenga m'chilankhulo china, kutsegula akaunti ya dzina labodza, kusunga chinsinsi. Ntchito iliyonse imamupangitsa kuona kuti walowa kale ndipo kubwerera n'kovuta. Pomaliza amamudula kwa anthu ake. Shehe wapamudzi kapena m'busa amatchedwa wogulidwa, makolo amatchedwa osadziwa kanthu. Pempho lalikulu, la ulendo, la ndalama kapena lovulaza anthu, limabwera mwanayo atatsala ndi mawu amodzi okha m'khutu. Shamima Begum anali ndi zaka 15 pamene ananyamuka ku London ndi anzake awiri akusukulu mu February 2015, kudzera ku Turkey kupita ku Syria kukalowa gulu la ISIS.

Tisanamizane kuti iyi ndi nkhani ya chipembedzo chimodzi. Mzungu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, pa 15 March 2019, anakulira m'mabwalo a pa intaneti a azungu odana ndi mitundu ina, komwe chidani chimayamba ngati nthabwala ndi tizithunzi toseketsa. Anaonetsa chiwembucho pa Facebook chikuchitika, ndipo kampaniyo inati inachotsa makope 1.5 miliyoni m'maola 24 oyamba.

Mwina mukudabwa kuti makampaniwa amalekereranji. Amachotsa ndithu. Pofika 2017, Facebook, Microsoft, Twitter ndi YouTube anali atayamba kugawana zidindo za mavidiyo oletsedwa kuti kompyuta iziwazindikira akamaikidwanso. Koma wina akadula vidiyo, kusintha mtundu wake kapena kuijambulanso ndi foni ina, chidindo chija chimatha kulephera. Apolisi a Europol, bungwe la apolisi a mayiko a ku Ulaya, atagwirizana ndi Telegram n'kutseka maakaunti ambiri a ISIS mu November 2019, otsatira ake anabalalikira m'mapulogalamu ena, ena n'kubwereranso ndi mayina atsopano. Zolembedwa m'Chiswahili kapena Chisomali zimachedwanso kuonedwa poyerekeza ndi za Chingerezi.

Kuno ku Africa foni imayenda limodzi ndi munthu wodziwika. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, komwe nkhondo inayamba ndi chiwembu cha ku Mocímboa da Praia pa 5 October 2017, maulaliki ojambulidwa a Aboud Rogo, mlaliki wa ku Mombasa amene anaphedwa mu 2012, ankazungulira pakati pa achinyamata. Koma ambiri anakopedwa ndi anzawo ndi abale, powalonjeza ntchito, mpamba wa bizinesi kapena maphunziro kunja. Lipoti la 2017 la UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, linafunsa anthu a m'mayiko angapo a mu Africa amene analowa m'magulu otere, ndipo 71 pa 100 alionse anati chomwe chinawamaliza kuti alowe m'gulu ndi zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa mbale kapena mnzawo. Choncho lonjezo la ntchito kapena sukulu yakutali lochokera kwa munthu wa pa foni lifufuzidwe ndi banja lonse.

Za kulanda foni, ife tikuti musayambire pamenepo. Wokopayo anamuuza kale kuti makolo ako adzakuletsa chifukwa amaopa choonadi, ndiye mukalanda mwamuthandiza kuoneka mneneri, ndipo mwanayo adzangobwereka foni ina. Kumukalipira kapena kumuseka pamaso pa abale kumachitanso chimodzimodzi. Khalani naye pansi, mumufunse kuti akuonetseni zomwe amaonera ndi chomwe chimamukhudza, ndipo muvomereze pamene chisalungamo chomwe akunenacho ndi chenicheni. Mufunseni kuti amene amacheza nayeyo anamuonapo nkhope, nanga n'chifukwa chiyani amamuuza kuti abise. Pezani amalume ake kapena mphunzitsi wachipembedzo wodziwa malemba bwino amene mwanayo amamulemekezabe, chifukwa mavesi odulidwa pakati amagonja kwa munthu wodziwa mutu wonse. Mubwezereni ku mpira, ku ganyu, ku chilichonse chomudzutsa m'mawa.

Koma akayamba kufunsa za pasipoti, kubisa ndalama, kutsanzika modabwitsa, kapena kukamba za zida ndi malo enaake, musadikire mawa, pitani kupolisi. Lembani mayina a magulu ndi manambala a foni amene mwaona. Mavidiyowo musawatumize kwa wina aliyense, ngakhale pofuna kuchenjeza abale, chifukwa m'mayiko ena, monga Britain, kusunga kapena kufalitsa zinthu zoterezi kungakuikeni pa mlandu.