Konzani chiganizo, koma lamulo musalikhudze

Achemwali ena a ku Luwinga andilembera imelo. Akuphunzira za makompyuta, ndipo powerenga malangizo a pulogalamu ina yaulere yotengera mafayilo pa seva (kompyuta yosungira mafayilo) yakutali, apeza Chingerezi chake chili chopindikapindika. Akufunsa ngati kutumiza zokonza n'kwaphindu, kapena eni ake aona ngati mwano.

Achemwali, tumizani ndithu. Mapulogalamu ambiri otere amalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ambiri a iwo Chingerezi anachita kuphunzira ngati ife tomwe. Mwachitsanzo SSH, njira yotetezedwa yolumikizirana ndi seva yakutali, anaiyambitsa ndi Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995.

Koma yambani ndi ziganizo zosokeretsa, osati zongomveka moipa m'khutu. Chiganizo chikangoti koperani fayiloyo kumeneko, osatchula ngati akunena kompyuta yanu kapena seva, n'choopsa. Pa scp, lamulo limene mumalembera kompyuta kuti ikopere mafayilo pakati pa makina awiri, dzina loyamba ndi kochokera, lachiwiri ndi kopita, ndipo ikapeza fayilo ya dzina lomwelo imalemba pamwamba osafunsa. Taganizirani munthu ali mu ofesi ku Katoto, bandulo ikutha, akuthamangira kutumiza malipoti ku seva ya ku Lilongwe. Akasinthanitsa mayina awiriwo, fayilo yakale ya pa seva ifufuta ntchito yake ya tsiku lonse. Chiganizo chotere chikonzeni potchula makina onse awiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzanja lofuna kukongoletsa. Onani rsync, pulogalamu inanso yokopera mafayilo, ya Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras ya mu 1996. Mukalemba rsync -a malipoti seva:/backup, foda yonse ya malipoti imakalowa mkati mwa foda ya backup pa seva. Mukalemba malipoti/ ndi kamzere kopendekera kumapeto, zimapita ndi zamkati zokha. Tsono pakhale --delete, mawu ouza rsync kufufuta zimene kulibe kochokera, wina n'kuwonjezera kamzereko poti mizere ifanane: zonse za mu backup zimene mulibe m'malipoti zifufutidwa. Choncho mkati mwa lamulo musachotse kapena kuwonjezera kalikonse, ngakhale kadontho kotsekera chiganizo. Musakonzerenso mu pulogalamu yolembera ya Word, chifukwa imatha kusandutsa timizere tiwiri ta pa --delete tija kukhala mzere umodzi wautali, lamulo n'kukana.

Mawu a MUST, SHOULD ndi MAY mukawapeza m'zilembo zazikulu, asiyeni choncho. Matanthauzo ake anakhazikitsidwa mu 1997 m'chikalata cha akatswiri a intaneti chotchedwa RFC 2119: loyamba ndi lokakamiza, lachiwiri ndi langizo lamphamvu, lachitatu ndi mwakufuna kwanu.

Zotsalazo n'zapafupi. Ngati pulogalamuyo ili pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu, werengani kaye fayilo ya CONTRIBUTING yofotokoza kathandizidwe kake, mutumize pull request (pempho loti alandire zokonza zanu) yaing'ono ya tsamba limodzi, mufotokoze mwaulemu pamene munasokonezeka. Musanatumize, tsatirani malangizo okonzedwawo nokha ndi mafayilo oyeserera, muone ngati akafika kumene chiganizo chanu chikunena.